Fireball kapena mapoto oyera: ndi matsenga ati amene angakuthandizeni Lolemba m'mawa?

Mkanganowu unayamba magetsi atathima. Tinali anthu asanu patebulo Loweruka madzulo, madayisi ali mbwee, ndipo m'nkhani yathu gulu linali litangolowa kumene m'phanga la chinjoka. Mdima utagwa, mlamu wanga, yemwe amasewera ngati wamatsenga a moto, anayatsa tochi ya pafoni n'kunena kuti, "Zikanakhala zenizeni izi, bwenzi pano nditayatsa nyumba yonseyi." Achemwali anga, eni nyumba, sasewera nawo koma amamva zonse ali kukhitchini. Anangoponya mawu kuti, "Kuyatsa kapena kuotcha, bambo?" Chinjoka tinachiiwala pomwepo. Mpaka pakati pa usiku tinali tikulimbana ndi funso limodzi: atakupatsa mtundu umodzi wa matsenga a m'masewerawa kuti ukhale nawo kuno kunja, kumene kuli lendi, zochapa ndi apongozi, ungasankhe uti?

Kwa amene simunawaonepo, masewerawa ndi Dungeons & Dragons. Anatuluka koyamba ku America mu 1974, opangidwa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson, ndipo masiku ano ali m'manja mwa kampani ya Wizards of the Coast. Munthu mmodzi amayendetsa nthano, kwathu ndine, enawo aliyense amakhala ndi munthu wake m'nthanomo, ndipo dayisi ya mbali 20 ndi imene imagamula ngati zomwe wafuna kuchita zatheka. Ndikunena dala kuti matsenga, osati ufiti, chifukwa azakhali athu atamva koyamba anatsala pang'ono kutiitanira abusa. Sanali oyamba: ku America komweko m'zaka za m'ma 1980 makolo ndi alaliki ena ankati masewerawa ndi a Satana. Zoona zake n'zakuti ndi mapepala, pensulo ndi masamu. Tsenga lililonse linalembedwa ngati lamulo la boma, limafika mtunda wakuti, limatha pakapita nthawi yakuti, limanyamula kulemera kwakuti. N'chifukwa chake kuyerekezaku kumatheka. Ine ndikutsata malamulo a mu 2014. A mu 2024 anasuntha matsenga angapo kuwaika m'magulu ena.

Kaye za mayunitsi

Anthu ambiri amasankha molakwika chifukwa amaiwala kuti matsengawa amatha ngati mayunitsi a magetsi. Wizard, wamatsenga wophunzira m'mabuku, akangoyamba kumene amakhala ndi mipata iwiri yokha yoponyera matsenga patsiku. Akaponya matsenga awiri, kuti mipata yonse ibwerere adikire mpaka atapuma maola 8. Matsenga otchuka monga Fireball amayamba munthu akakwera n'kufika levulo 5, ndipo kuti ufike pamenepo m'masewera umakhala utapulumuka ku zilombo zingapo, zomwe kuno sindikudziwa uzikazipeza kuti. Teleport, yokufikitsa kutali m'kuphethira kwa diso, yomwe aliyense wotopa ndi minibasi amailakalaka, imafuna levulo 13. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Koma pali zinthu ziwiri zosadya mayunitsi. Choyamba ndi timatsenga ting'onoting'ono totchedwa cantrip, tomwe umaponya kangati konse ukufuna. Chachiwiri ndi matsenga ena omwe ukalolera kuwonjezera mphindi 10 za mwambo, sawononga mpata wako. Moyo wa tsiku ndi tsiku ndi wobwerezabwereza, choncho ine ndimayamba kuyang'ana ziwirizi ndisanatengeke ndi zophulika.

Moto wa mlamu wanga

Gulu la evocation, la moto, mphenzi ndi chisanu, ndilo limakopa anyamata. Fireball imapsereza chilichonse pamamita 6 kuzungulira pomwe yagwera. Imachotsa mphamvu za moyo pafupifupi 28, pamene munthu wamba m'bukumo ali ndi 4 zokha. Kuti uiponye umafunika ndowe za mleme ndi sulufule. Tinamufunsa mlamu kuti atchule tsiku limodzi chaka chathachi lomwe akanaigwiritsa ntchito osakagona kupolisi. Anaganiza nthawi yaitali n'kutchula mulu wa zinyalala wa kuseri kwa msika.

M'gululi muli kanthu kamodzi kabwino, Light. Ukakhudza chinthu, kaya supuni kaya mwala, chimawala ola lathunthu, ndipo ukhoza kubwereza usiku wonse. Ana angawerengere mayeso, koma chimawala ndi chinthu chimodzi basi. Ukayatsa china, choyambacho chimazima. Continual Flame ndi lawi losazima, losatentha, koma limadya fumbi la mwala wa ruby la ndalama zagolide 50. M'buku lomwelo waganyu amalandira tindalama tasiliva tiwiri patsiku, kutanthauza kuti nyali imodzi ndi thukuta la masiku 250. Kanyali ka sola ka kumsika kaiposa kutali, ndipo kena kamatchajanso foni. Sending imatumiza uthenga wa mawu 25 kulikonse, ntchito yomwe WhatsApp imagwira popanda kudikira levulo 5.

Za illusion, zophimba anthu m'maso, sindichedwapo. Disguise Self imakusintha maonekedwe kwa ola limodzi. Ntchito yake ndaiona imodzi, kudutsa pagolosale pomwe uli ndi ngongole. Ngongoleyo imatsala.

Kondaine ndi bwalo la amfumu

Enchantment ndi matsenga olowa m'mutu mwa munthu. Charm Person ife timangoitchula kuti kondaine. Munthuyo amakuona ngati mnzake kwa ola limodzi, koma lamulo limanena poyera kuti likatha olalo amadziwa kuti unamuchita chipongwe. M'nthano zilibe kanthu, chifukwa mlonda wa pachipata uja sudzamuonanso. Kuno alandilodi amene wawanyengerera kuti akudikire mwezi wina amakhala kuseri kwa mpanda womwewo, ndipo ola likatha abwera ndi loko watsopano.

Zone of Truth ndiyo inatichedwetsa. Kwa mphindi 10, aliyense amene wagwidwa nayo mkati mwa mamita anayi ndi theka sangathe kunama mwadala. Mnzathu wina, amene banja lake lakhala pa mlandu wa malire a munda kwa zaka zambiri, anaimirira n'kunena kuti iyeyo watenga imeneyi, akaiponya pabwalo la amfumu nkhani ithe tsiku lomwelo. Vuto ndi lakuti munthuyo amadziwa kuti wagwidwa, ndipo amaloledwa kukhala chete kapena kuzemba funso. Amene anakhalapo pa zokambirana za ankhoswe akudziwa kuti akuluakulu athu amatha kulankhula ola lathunthu osanama ngakhale kamodzi, komanso osanena chomwe mwawafunsa. Mufunsa kuti, "Kodi mpanda munausuntha?" Ayankha kuti, "Mwana wanga, dziko ili tinalipeza ndipo tidzalisiya." Mphindi 10 zatha.

Necromancy, kuombeza ndi kutsirika

Necromancy ndi matsenga okhudza akufa. Animate Dead imadzutsa mtembo kuti uzikugwirira ntchito, ndipo uyenera kuiponyanso maola 24 aliwonse, apo ayi chinthucho chimasiya kukumvera. Ife dzina lake tili nalo kale, ndondocha, ndipo palibe patebulo amene anafuna ngakhale kuseka nazo kwambiri. Lamulo la boma la mu 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, komabe agogo akhala akumenyedwa ndi kuotcheredwa nyumba chifukwa cha mphekesera chabe. Tsenga lililonse lomwe aneba angalione molakwika liyenera kuchotsedwa mamalikisi, ndipo ili lagwa lisanalembe n'komwe.

Chodabwitsa n'chakuti m'gulu loopsali muli tsenga limodzi lachifundo. Gentle Repose imasunga thupi osawonongeka kwa masiku 10, pongofunika mchere pang'ono ndi kakobiri pa diso lililonse. Aliyense amene anasonkhako ndalama zobweretsera m'bale kuchokera ku Johannesburg, kapena kudikira mwana wa malemu amene ali kutali, akudziwa kulemera kwa masiku 10 amenewo. Speak with Dead imalola kufunsa malemu mafunso asanu. Ingathandize pamene achibale ayamba kukanganirana nyumba maliro asanatuluke, koma malemu amayankha mwachidule ndi mophiphiritsa, ndipo ngati munali pa udani sakakamizidwa kunena zoona. Komanso maliro si a tsiku lililonse.

Divination ndi kuombeza ula. Locate Object imakulozera chinthu chako ngati chili mkati mwa mamita 300: makiyi, limoti, chiphaso chomwe chinalowa pansi pa matilesi. Foni yobedwa m'basi imakhala itapitirira mamita amenewo usanazindikire. Comprehend Languages imakumvetsa chilankhulo chilichonse kwa ola limodzi, ndipo siidya mpata ukaichita mwamwambo, koma imangopereka tanthauzo la mawu monga alili. Munthu akakuuza kuti "ndapita kuseri" iweyo uzikamufuna kuseri kwa nyumba. Imakumvetsa chabe, siikulankhulitsa.

Abjuration ndi kutsirika. Alarm imalondera khomo kapena khola kwa maola 8, wina akalowa imalira ngati belu kapena imakudzutsa m'maganizo. Yabwino ndithu kwa woweta nkhuku. Galu amachitanso zomwezo, ndipo amaluma.

Mzere wa pakhomo

Apa ndi pomwe ndinkayembekezera kuti mkangano uthera. Kuchiritsa. Cleric, wansembe wa m'masewerawa, akafika levulo 3 amakhala ndi Lesser Restoration, yomwe imachotsa matenda amodzi pongomukhudza munthu. Malungo a mwana, chibayo cha agogo, kutha nthawi yomweyo. Ndani angasankhe zotsuka mbale pamene pali zotere?

Amene anakana ndi mnzathu yemwe ndi namwino, ndipo m'masewera ndiye cleric wathu. Anatenga dayisi ziwiri n'kuziika patebulo. "Izi ndi zomwe ndili nazo patsiku," anatero. "Ziwiri. Tsiku loyamba ndichiza mwana wa aneba. Tsiku lachitatu nkhani yafika kutchalitchi. Sabata isanathe, pofika 4 koloko m'mawa pakhomo panga pali anthu 60, ena abwera pa ngolo, ena agona pakhonde. Ndituluke ndi dayisi ziwirizi, ndiloze awiri, enawo ndiwauze kuti mawa. Ndipo tsiku lomwe ndawononga zonse ziwiri masana, usiku mwana wanga watentha thupi." Anazibweza dayisizo m'kathumba. Anati kuntchito kusankha woyamba kuthandizidwa amakudziwa kale, koma kumeneko ali ndi anzake, ali ndi nthawi yoweruka, ndipo odwala sadziwa kumene amagona.

Sindikunena kuti kuchiritsa n'kopanda phindu. Pa matsenga onse ndi kumene kungapulumutse anthu ambiri. Koma funso lathu linali la moyo wa tsiku ndi tsiku, ndipo amene watenga mphatso imeneyi moyo wake wa tsiku ndi tsiku wathera pomwepo. Walira mvula walira matope.

Wantchito wosaoneka

Conjuration, yoitana zinthu, ndiyo inatsala pang'ono kupambana. Unseen Servant ndi wantchito wosaoneka amene kwa ola limodzi amasesa, kupinda zovala, kukoleza moto ndi kuperekera chakudya. Zofunika zake ndi kachingwe ndi kamtengo, ndipo mwamwambo ukhoza kumuitana tsiku lonse. Achemwali atamva anatuluka kukhitchini ndi mthiko m'manja. Kenako tinawerenga bwinobwino. Mphamvu zake ndi 2, zomwe mwa masamu a masewerawa ndi katundu wa makilogalamu pafupifupi 14, ndiye chidebe chodzaza cha malita 20 sangachinyamule. Akatalikirana nawe mamita 18 amazimiririka, choncho kumjigo sungamutume. Komanso tsache losesa lokha pabwalo, mayi a nyumba yoyandikana akuyang'ana pampanda, ndi nkhani ya ndondocha ija yabweranso. Wantchitoyu ngwa m'nyumba, makatani atatsekedwa.

Tenser's Floating Disk ndi chimbale choyandama m'malere chomwe chimakutsata pambuyo chitasenza makilogalamu pafupifupi 225, matumba anayi a chimanga ndi kotsalira. Popita kuchigayo kapena pokolola, imeneyi ndi ngolo yopanda ng'ombe, ngakhale anyamata a kabaza sangakupatsenso moni. Mage Hand ndi dzanja lonyamula makilogalamu anayi ndi theka pamtunda wa mamita 9, lokwanira kuthyola mango a pamwamba. Create Food and Water imadyetsa anthu 15 tsiku limodzi, koma buku lenilenilo limavomereza kuti chakudyacho n'chozizira m'kamwa, ndipo pamaliro kapena paukwati anthu 15 ndi ophika okha. Find Familiar imakupatsa kanyama kokutumikira. Osewera ambiri amasankha kadzidzi chifukwa amaona usiku. Kadzidzi wotera padenga lako madzulo alionse, ndikusiyirani nokha.

Chomwe ndinasankha

Transmutation ndi matsenga osintha zinthu zomwe zilipo kale, ndipo mtima wake ndi timatsenga tiwiri tomwe m'masewera anthu amatitenga mongodzazira pepala.

Koyamba ndi Prestidigitation. Dzinalo ndi lalitali kuposa ntchito zake, zomwe zonse ndi zazing'ono. Imayeretsa nthawi yomweyo chinthu chosaposa kabokosi ka masentimita 30 mbali zonse, malita pafupifupi 28. Imatenthetsa, kuziziritsa kapena kukometsa chinthu cha kukula komweko kwa ola limodzi. Imayatsa kapena kuzimitsa kandulo ndi kamoto kakang'ono. Kuponya kamodzi ndi masekondi 6, ndipo siitha.

Tsopano liyendeni tsiku. M'mawa mbaula yayaka popanda pulasitiki kapena kupemerera ndi chivundikiro. Madzi osamba a mu June afunda. Yunifolomu yomwe mwana anaiiwala pansi pa bedi yayera asanamalize phala. Poto wa nyemba za dzulo, wa mwaye kunja ndi zopserera mkati, amene amadya theka la ola ndi mchenga, wayera ngati wa m'sitolo. Mbale khumi, mphindi imodzi. Masana a mu October madzi akumwa azizira popanda filiji. Madzulo ndiwo ndi masamba opanda mafuta chifukwa mwezi uli pakati, koma akukoma ngati muli nyama. Thewera la mwana, nsapato za matope, kolala ya shati, malo pomwe mphaka wasanza. Sopo wa mwezi wonse watsala m'thumba. Ndipo palibe mneba amene waona kanthu, kupatula kuti banja lija ndi laukhondo.

Ili ndi malire ake, ndipo tinakangana nawo. Siiphika, imangofunditsa, ndiye makala ugulabe. Kukoma si kukhuta. Zosintha zokhalitsa, monga kufunditsa ndi kukometsa, zimatheka zitatu zokha nthawi imodzi. Za bulangeti sitinagwirizane: ena amati likapindidwa limakwana m'kabokosi kaja, ine monga woyendetsa masewera ndinagamula kuti la ana limakwana, la awiri ayi.

Kachiwiri ndi Mending. Mphindi imodzi, ndipo chothyoka kapena chong'ambika chosaposa masentimita 30 chimalumikizika osasiya chipsera. Patapata woduka lamba panjira. Chidebe chong'aluka pansi chomwe tikanachimata ndi pulasitiki wosungunula. Bowo la m'neti ya udzudzu, chubu cha njinga, mpini wa khasu, kapu ya apongozi yomwe yagwa ali kutchalitchi. Sikonza chinthu chotha ndi ukalamba, nsapato yoperepeseka soli ikhalabe choncho. Galasi la foni la mng'alu umodzi limatheka. Lophwanyika ngati ukonde wa kangaude mukhala nalo madzulo onse, mng'alu umodzi umodzi.

Gulu lomweli lilinso ndi zazikulu kwa amene akufuna zazikulu. Create or Destroy Water imadzaza malita pafupifupi 38, zidebe ziwiri kuperewera pang'ono, tsiku lomwe mpopi wangotulutsa mpweya. Purify Food and Drink imachotsa poizoni ndi matenda m'chakudya ndi madzi, ndipo ndi yamwambo, chinthu chamtengo wapatali m'nyengo ya kolera. Goodberry imapereka tizipatso 10, kalikonse kokwanira munthu tsiku lonse, ngakhale ndikudziwa kuti malume anga atameza kawo angafunsebe kuti nsima ili kuti. M'miyezi ya January ndi February, nkhokwe zitapepuka, sangafunse kawiri. Ndipo pamwamba pa zonse pali Plant Growth: ukaichita kwa maola 8, minda yonse pamamita 800 kuzungulira, mahekitala pafupifupi 200, imabereka kawiri kwa chaka chathunthu. Ubwino wake ndi wakuti siisankha munda. Wako, wa amfumu, wa mdani wako, yonse imapindula limodzi, ndiye palibe wonena kuti unakokera chimanga cha anzako m'munda mwako.

Ukhale ndani kuti uzipeze?

Apa pali msampha, chifukwa matsengawa sapezeka onse mwa munthu mmodzi. Wizard ali ndi Prestidigitation ndi Mending, koma Plant Growth ndi Goodberry alibe, ndipo kukopera tsenga latsopano m'buku lake kumadya maola awiri ndi ndalama zagolide 50 pa levulo iliyonse ya tsengalo, sukulu yolipira yosatha. Buku likanyowa ndi denga lodontha, kalanga ine. Sorcerer amabadwa nazo, ndiye si zosankha. Warlock amapangana ndi chimzimu champhamvu kuti chimupatse mphamvu, ndipo nkhani za anthu okhwimira chuma tonse tinazimva mathero ake. Druid ndi wa alimi: ali ndi Goodberry, madzi, Plant Growth, Mending, ndi kantchito kolosera nyengo ya maola 24 akubwerawa, koma Prestidigitation alibe. Ndikanakhala kumudzi ndikanatenga ameneyu osaganiza kawiri.

Wa m'tauni ngati ine, yankho linandidabwitsa: bard, woimba uja amene timamuseka kuti amapita kunkhondo ndi gitala. Poyamba penipeni amaloledwa timatsenga tiwiri, ndipo Prestidigitation ndi Mending zonse zili pamndandanda wake. Unseen Servant ali nayo. Akafika levulo 5 akhoza kutenga Plant Growth n'kumapita kumudzi kamodzi pachaka mvula isanagwe. Kuchiritsa kulinso pamndandanda wake, atafuna kukutenga n'kusunga pakamwa.

Nditalengeza zimenezi, achemwali anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Achimwene, inuyo woimba? Kutchalitchi mumangoyasamula pakamwa kuti anthu aziti mukuimba nawo." Magetsi anayaka cha m'ma 11 koloko, tonse tikuphethira. Chinjoka tinachisiyira Loweruka linalo. Achemwali analoza kubeseni komwe kunali mapoto atatu ndi mbale za anthu asanu ndi mmodzi, n'kunena kuti amene wadya atsuke. Poto wa nsima unagwera mlamu wanga. Anakhala pakhonde akukwecha mikute ndi supuni, akung'ung'udza kuti fireball imodzi yokha ikanamaliza zonsezi, poto ndi beseni lomwe.